Chigaza cha tsitsi loimirira: The Exploited anali ndani, ndipo anasiya chiyani?

Funso la wowerenga: "Ndinagula malaya akuda pa kaunjika, ojambulidwa chigaza chokhala ndi tsitsi loimirira pakati pa mutu, olembedwa kuti The Exploited. Nditafufuza pa YouTube ndinapeza kuti ndi gulu loimba, koma kunena zoona ndinangomva phokoso ndi munthu akukuwa mopsa mtima. Mnzanga wina akuti amenewa ndi akuluakulu a chamba cha punk. Kodi nyimbo zawo zoyambirira zili ndi chiyani choti anthu mpaka lero azivala malaya awo? Kapena ndi kutchuka chabe?"

Achimwene, makutu anu sanakunamizeni. Ndi phokosodi, ndipo munthuyo akukuwadi. Koma mnzanuyonso sakunama. The Exploited ndi gulu la ku Edinburgh, likulu la Scotland, ndipo wokuwayo ndi Wattie Buchan, wobadwa mu 1957, amene watsogolera gululi kwa zaka zoposa 40. Ndinene mosapsatira mawu: anyamatawa sanali akatswiri pa zida, ndipo pa magulu a nthawi yawo si iwo amene anabweretsa kaimbidwe katsopano kwenikweni. Ntchito yawo inali ina. Anatola punk pa nthawi imene atolankhani ndi makampani anali ataitaya, n'kuibwezera kwa anyamata osowa ntchito a m'malokeshoni a ku Britain ili yophweka moti aliyense akanatha kuiimba, kuivala ndi kuijambula yekha. Zonsezi anazichita m'zaka zitatu zokha, kuyambira 1980 mpaka 1982.

Pamene iwo ankayamba, maliro a punk anali atalengezedwa kale. Chamba chimenechi chinaphulika ku London mu 1976 ndi 1977, ndipo ngakhale chinkadzitcha cha ana a anthu osauka, ena mwa ochitsogolera anali atadutsa m'masukulu a zaluso. Zovala za Sex Pistols, gulu lotchuka kwambiri la punk pa nthawiyo, zinkachokera m'sitolo ya Malcolm McLaren ndi Vivienne Westwood pa King's Road. Mu Januwale 1978 Sex Pistols anapasuka ali pa ulendo ku America, ndipo mu Febuluwale 1979 Sid Vicious, woimba bezi wawo, anamwalira ku New York ndi mankhwala ozunguza bongo. The Clash, gulu lina lalikulu la punk, anali pansi pa kampani yaikulu ya CBS, akulowera ku reggae ndi zamba zina. Nyuzipepala za nyimbo zinatembenukira kwina. Gulu la Crass, lomwe linkakhalira limodzi pa nyumba ina ya kumudzi ku Essex, linatulutsa mu 1978 nyimbo yotchedwa Punk Is Dead, kunena kuti punk yasanduka malonda ngati ena onse.

Komatu kunali m'badwo wina umene unali usanadye nawo. Mwana amene anali ndi zaka 12 kapena 13 mu 1977, akungoonera Sex Pistols pa kanema, ankamaliza sukulu cha m'ma 1980 ndi 1981 n'kupeza zitseko zonse zili zotseka. Margaret Thatcher anakhala nduna yaikulu mu Meyi 1979. Mafakitale ankatsekedwa motsatizana, makamaka kumpoto kwa England ndi ku Scotland, ndipo pofika Januwale 1982 malova anali atapitirira 3 miliyoni. Mu 1981 munabuka zipolowe, ku Brixton mu Epulo, kenako ku Toxteth mu Liverpool ndi ku Moss Side mu Manchester mu Julayi. Kumuuza mnyamata wotere kuti punk inafa kunali kumuchita chipongwe, chifukwa mavuto amene punk inkakuwa mu 1977 anali atangoyamba kumene kumuluma iyeyo.

Edinburgh ambiri amaidziwa ndi linga lake lakale la pamwamba pa thanthwe ndi chikondwerero chake cha zisudzo. Koma kuseri kwake kuli malokeshoni a nyumba za khonsolo monga Muirhouse, Niddrie ndi Wester Hailes, komwe m'zaka zimenezo ulova ndi heroin zinamanga nthenje. The Exploited anachokera ku mbali ya anthu wamba ya mzindawu. Gululi linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, woimba wake ali Terry Buchan. Wattie, m'bale wake wa Terry, anali atalowa usilikali ali wachichepere, ndipo atatulukako ndiye anatenga maikolofoni.

Kachimbale kawo koyamba, Army Life, kanatuluka mu 1980. Kanali ka nyimbo zitatu, ka mtundu uja wa mbale zazing'ono za galamafoni, ndipo anakatulutsa okha pansi pa dzina la kampani yawoyawo. Apa m'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona theka la nkhani yonse. Nthawi imeneyo ku Britain kunali kutamera timakampani ting'onoting'ono ndi timasitolo ta zimbale todziimira patokha, monga Rough Trade ku London, tomwe tinkapatsirana katundu kuchoka mzinda wina kupita wina. Mu Januwale 1980 anayambitsa mndandanda wapadera wa zimbale zogulidwa kwambiri zochokera ku timakampani timeneti. Choncho anyamata anayi ankatha kusonkherana ndalama, kulowa mu situdiyo yotchipa, kudinditsa zimbale zochepa, n'kuona dzina lawo m'nyuzipepala ya Sounds popanda kugwadira bwana aliyense wa ku London. Army Life kanakhala pa mndandanda umenewu kwa miyezi yambiri.

Nyimbo ya Army Life ndi dandaulo la msilikali wotopa, wonena kuti moyo wa ku bareki ukumumaliza. Mphamvu yake ili poti woimbayo anakhalakodi. Sankanena za m'buku. Koma pa kachimbale komweko pali nyimbo ina yotukwana anyamata otchedwa mods, aja ankavala masuti n'kumakwera timinjinga tamoto ta Vespa ndi Lambretta, ndipo ikulimbikitsa kuwamenya, potengera kamvekedwe ka nyimbo ina yodziwika ya pa Khirisimasi. Ndiye mukuona kuti kuyambira tsiku loyamba, mkwiyo woona ndi uchitsiru wa pa mowa zinali m'thumba limodzi. Gululi silinasinthe kwenikweni pa zimenezi.

Kachimbale kachiwiri, Exploited Barmy Army, kanatuluka chaka chomwecho. Nyimbo yake yaikulu ndi yongotama gululo ndi otsatira ake, yopangidwa mwa mtundu wa nyimbo za masapota a mpira. Kunali kuchenjera kumeneko, kaya anachita kulinganiza kaya ayi. Otsatira anapatsidwa dzina, nakhala ngati timu. Chaka chomwecho mtolankhani wa Sounds, Garry Bushell, anawaika pa chimbale chosonkhanitsa magulu osiyanasiyana chotchedwa Oi! The Album, pamodzi ndi magulu a ku London monga Cockney Rejects. Punk ya m'misewu, yomwe ena amaitcha street punk kapena Oi!, inayamba kudziwika ngati chinthu chapachokha kuyambira pamenepo.

Mu 1981 anasaina ndi kampani yaing'ono ya Secret Records n'kutulutsa chimbale chathunthu choyamba, Punks Not Dead. Dzinalo linali yankho kwa onse olengeza maliro aja. Oimba anali anayi: Wattie pa mawu, Big John Duncan pa gitala, Gary McCormack pa bezi, ndi Dru Stix pa ng'oma. Chimbalechi chinafika pa nambala 20 pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo chinatsogola pa mndandanda wa timakampani todziimira. Kwa gulu losaimbidwa pa wailesi masana, lomwe atolankhani ambiri ankalinyoza, chimenechi chinali chinthu chodabwitsa.

Mukamamvera chimbalechi musayembekezere kukoma kwa mawu. Tcherani khutu ku kamangidwe kake. Big John amagwira makodi atatu kapena anayi, a zala ziwiri kapena zitatu basi, n'kumawakwapula mofulumira. Bezi imangotsata gitala. Ng'oma zimathamanga osapuma. Nyimbo zambiri sizifika mphindi zitatu. Wattie amalavula ndime zake m'Chingerezi cha ku Scotland chomwe ngakhale Angerezi enieni chimawavuta kumva, kenako pofika pa kolasi gulu lonse limalowa pamodzi, nthawi zambiri kungobwereza dzina la nyimboyo. Ndi za mtsogoleri ndi ovomera, monga mmene masapota amaimbira pa bwalo la Kamuzu: wina ayambitsa, khamu lipolokeza. Munthu amene akuimva koyamba amatha kulowa nawo pa kolasi yachiwiri. Mwana wa zaka 15 amene wagula gitala dzulo amatha kuiphunzira sabata isanathe. Kusowa ukatswiri kuja kumene mwakumva ndi komwe kunali khomo lolowera anthu ena.

Chitsanzo chonyanyira ndi nyimbo ya Sex & Violence. Mawu ake onse ndi dzina lakelo basi, lobwerezedwa kwa mphindi pafupifupi zisanu pamwamba pa ng'oma ndi bezi zosasinthasintha. Mukaimvera nokha m'chipinda mutopa nayo mphindi yachiwiri isanathe. Koma pa zoimbaimba zawo inasanduka mwambo: akafika pa nyimboyi anthu amakwera pa nsanja, kuzungulira maikolofoni, mpaka osadziwanso kuti woimba ndi uti, woonera ndi uti. Nyimbo zambiri za The Exploited zinapangidwira chipinda chodzaza ndi thukuta, ndipo pa foni zimamveka zoperewera.

Mitu ya nyimbo zina ikuuzani moyo wa anyamatawa. Dole Q ikunena za mzere wa malova odikira kandalama kothandizira kochokera ku boma. SPG ikunena za Special Patrol Group, nthambi ya apolisi a ku London imene inkadziwika ndi nkhanza, ndipo inatchulidwa pa imfa ya mphunzitsi Blair Peach ku Southall mu Epulo 1979. Palinso Cop Cars, Son of a Copper ndi Royalty, yonyoza banja lachifumu m'chaka chomwe Charles ndi Diana anamanga ukwati. Simupezamo mfundo zozama za ndale. Mupezamo mndandanda wa adani: wapolisi, msilikali wamkulu, mfumukazi, ofesi ya malova.

Mu 1981 momwemo anayenda m'mizinda ya ku Britain pa ulendo wotchedwa Apocalypse Now, pamodzi ndi Discharge, Anti-Pasti ndi Chron Gen, ndipo maholo ankadzaza. Mu Okutobala anatulutsa Dead Cities, nyimbo yofulumira kuposa zam'mbuyo, imene inalowa pa mndandanda wa dziko lonse mpaka BBC inawaitana pa pologalamu ya Top of the Pops. Taganizani banja lachingerezi litakhala pa chakudya chamadzulo Lachinayi, likudikira nyimbo zovinika, kenako pa kanema patulukira Wattie ndi tsitsi lake loimirira. Ana ambiri a m'matauni aang'ono anaona punk ya mtundu umenewu koyamba usiku umenewo. Koma a mbali ya Crass anapsa mtima, kunena kuti gulu lodzitcha lodana ndi ulamuliro lapita kukavina pa kanema wa boma. Gulu la Conflict linawaimba m'nyimbo. Mkangano umenewu unagawa punk ya ku Britain pawiri: ena a ndale zolongosoka, osadya nyama, odana ndi nkhondo, ena a mowa, phokoso ndi msewu. Ine ndimaona kuti a Crass ankanena zoona pa mfundo zambiri, koma anali ngati aphunzitsi, ndipo mwana amene wangothamangitsidwa kusukulu sathamangira mphunzitsi wina.

Chimbale chachiwiri cha mu situdiyo, Troops of Tomorrow, chinatuluka mu 1982 n'kufika pa nambala 17. Kwa ine ichi ndiye chabwino kuposa zonse zimene anajambula. Gitala ya Big John inanenepa, ng'oma zinathamanga kwambiri, ndipo mukumva kuti anyamatawa ankamvera gulu la rock yolemera la Motörhead. Nyimbo yomwe inapereka dzina la chimbalechi si yawo, ndi ya The Vibrators ya mu 1978, koma anailemeretsa mpaka inakhala yoopsa. Pa chimbale chomwechi pali nyimbo ya UK 82, ndipo dzina limeneli ndi lomwe anthu anadzaligwiritsa ntchito potchula m'badwo wonse wa magulu a nthawiyo. Mu 1983 anatulutsa Let's Start a War, kumunena Thatcher pa nkhondo ya ku Falklands ya mu 1982. Chigaza chili pa malaya anucho chinatchuka ndi chimbale chimenechi. Pofika apo Big John ndi Gary anali atachoka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo gululi lakhala Wattie ndi aliyense amene ali naye chaka chimenecho.

Tsono pa nkhani ya zimene anasiya, tiyenera kugawa bwino ulemu, chifukwa masapota awo amakonda kuwapatsa zonse. Ngati tikunena za kaimbidwe, gulu limene linasinthadi zinthu ndi Discharge a ku Stoke-on-Trent. Kachimbale kawo ka Realities of War ka mu 1980 ndi chimbale cha Hear Nothing See Nothing Say Nothing cha mu 1982 zinabala kamenyedwe ka ng'oma kotchedwa D-beat, komwe magulu a ku Sweden, Finland, Japan ndi Brazil anakatengera, ndipo Metallica anajambulanso nyimbo zawo ziwiri mu 1998. GBH a ku Birmingham, ndi chimbale chawo cha City Baby Attacked by Rats cha mu 1982, ankaimba mwaukhondo ndi mwaluso kuposa The Exploited. Ndiponso hardcore, punk yothamanga kwambiri ya ku America, ya Black Flag, Bad Brains ndi Minor Threat, inamera payokha, sinachite kudikira Edinburgh.

Chimene The Exploited anapambana nacho onsewa ndi chithunzi. Lero mukamuuza munthu wa dziko lililonse kuti ajambule munthu wa punk, ajambula tsitsi lometa m'mbali, loimirira pakati, lopaka utoto wofiira kapena wobiriwira, jekete lachikopa lokhomedwa tizitsulo, kumsana kolembedwa maina a magulu ndi penti yoyera, ndi nsapato zazitali za Dr. Martens. Sex Pistols sankaoneka choncho. Maonekedwe amenewa ndi a m'badwo wa 1981 ndi 1982, ndipo Wattie ndiye nkhope yake. Sanayambitse mohawk, kametedwe ka tsitsi loimirira pakati kameneka, koma anaifalitsa. Ana ankaimika tsitsi ndi sopo, madzi a shuga, choyera cha dzira, ena mpaka guluu. Pasanapite nthawi, zithunzi za anyamata oterewa zinkagulitsidwa kwa alendo okaona London, pambali pa zithunzi za mabasi ofiira ndi asilikali a mfumukazi. Wina anganene kuti apa Crass analosera bwino.

Ku nyimbo za metal nako anasiya mapazi. Magulu a thrash, metal yothamanga kwambiri, a ku America a m'ma 1980 anatenga liwiro la punk ya ku Britain n'kuliphatikiza ndi luso la gitala. Umboni woonekeratu ndi wa mu 1993, pamene Slayer ndi Ice-T anajambula limodzi nyimbo yotchedwa Disorder, yolumikiza nyimbo zitatu za The Exploited. UK 82 anaisintha kukhala LA 92, pokumbukira zipolowe za ku Los Angeles za mu 1992 zimene zinabuka apolisi omenya Rodney King atapezeka osalakwa. Munthu wakuda woimba rap ndi gulu la metal anapeza kuti nyimbo ya malova a ku Scotland ikukwana mkwiyo wa mzinda wawo atangosinthamo mawu ochepa. Big John Duncan naye anadzagwira ntchito yosamalira magitala a gulu la ku America la Nirvana, ndipo mu 1993 anaimba nawo pa nsanja ku New York.

Ana awo enieni ndi magulu a street punk a m'ma 1990: The Casualties, omwe anayamba ku New York mu 1990, The Unseen a ku Massachusetts, Total Chaos a ku California. Amenewa anatenga chilichonse, tsitsi, jekete, kolasi ya khamu, ngakhale mitu ya nyimbo. Kuchokera kumeneko, ndi kudzera m'makaseti ojambulirana, chithunzi chija chinafika kutali kwambiri. Ku Indonesia punk ya m'misewu inakula zedi, ndipo mu Disembala 2011 apolisi a ku Aceh anagwira achinyamata oposa 60 pa zoimbaimba zina, kuwameta tsitsi mokakamiza n'kuwalowetsa m'dziwe kuti "ayeretsedwe". Tsitsi limene ku London linali litasanduka chokopa alendo, kumeneko linali lokwanira kumugonetsa munthu m'manja mwa apolisi.

Sindingakhale ndakuyankhani bwino ngati ndibisa mbali yonyansa. Ndewu zinkawatsatira kulikonse. Nyimbo zawo zina zimanyoza akazi, zina zimatama chiwawa chopanda chifukwa. Zoimbaimba za magulu a Oi! zinkakopanso anyamata ometa mpala otsatira zipani zatsankho monga National Front, ndipo mu Julayi 1981 ku Southall, dera lokhala amwenye ambiri, malo omwera mowa a Hambrough Tavern anatenthedwa pa zipolowe zomwe zinabuka pa zoimbaimba zoterezi. The Exploited sanali pa zoimbaimba zimenezo, ndipo Wattie wakhala akukana kuti ndi watsankho, koma fungo la nthawi imeneyo linawakakamira onse a chamba chimenechi kwa zaka zambiri. Ngakhale mu Okutobala 2003, zoimbaimba zawo zitalephereka ku Montreal chifukwa ena mwa iwo anakanizidwa kulowa m'dziko la Canada, masapota anaphwanya masitolo ndi kutentha magalimoto. Munthu angathe kulemekeza zimene gululi linatsegula popanda kunamizira kuti zonse zinali zanzeru.

N'kutheka kuti zimene munamva pa YouTube ndi zam'tsogolo, monga Beat the Bastards ya mu 1996, pomwe anali atalowera kwambiri ku metal. Ngati mukufuna kumva zimene mnzanu akunena, yambani ndi Army Life, kenako Dole Q ndi SPG, kenako Dead Cities, mumalize ndi chimbale chonse cha Troops of Tomorrow, ndipo muone mmene liwiro ndi kulemera zikukwerera m'miyezi yochepa chabe. Fufuzani mawu ake olembedwa muziwerenga pomvera, apo ayi Chingerezi cha Wattie chikusiyani panjira. Mukatha, ikani Hear Nothing See Nothing Say Nothing cha Discharge, chomwe chinatuluka chaka chimodzimodzi ndi Troops of Tomorrow, mumve kusiyana kwake.